Yankho limodzi, malikisi awiri: kodi timachonga mwachilungamo?

Mphunzitsi Watsopano

Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Ino ndi semesita yanga yachiwiri chiyambireni kuphunzitsa ku koleji, ndipo kalasi yanga ya chaka choyamba ili ndi ophunzira 184. Pa mayeso a pakati pa semesita panali funso limodzi lalikulu lolemba nkhani, la malikisi 20. Ndinachonga masiku anayi, usana ndi usiku.

Nditabweza mapepala, kunabwera atsikana awiri ku ofesi. Anagogoda mwaulemu, n'kuyala mapepala awo pa tebulo langa moyandikana. Onse analemba mfundo zinayi zofanana, zitsanzo zokha n'zimene zinasiyana pang'ono. Wina ndinam'patsa 16, mnzakeyo 11. Wa 11 uja sanabwere ndi mkangano ayi. Anangoti, "Madamu, ndimati mundionetse chimene ndinasiya, kuti ulendo wina ndisadzachisiyenso." Ndinawerenga mapepalawo kawiri konse, ndinasowa chomuuza. Chimene ndinakumbukira n'chakuti pepala la malikisi 16 linali pamwamba pa mulu, ndinalichonga Lolemba m'mawa mutu uli bwino. La 11 linali la Lachinayi usiku, komanso mwini wake amalemba tizilembo ting'onoting'ono topanikizana.

Malikisi ake ndinakonza. Koma mtima sukukhazikika ndikaganiza za 182 enawo amene sanagogode pa chitseko changa. Inu amene mwakhalitsa pa ntchitoyi, mumatani kuti mayeso anu akhale achilungamo?

Agogo Opuma

Mwananga, poyamba zikomo kuti simunam'bweze mwanayo ndi mawu oti malikisi sakambirana. Ambiri a ife tinayankhapo choncho pothawa manyazi, ana n'kuphunzira kungokhala chete.

Vuto lanuli ndi lakalekale. Mu 1912 ku America, Daniel Starch ndi Edward Elliott anatenga mapepala awiri a Chingerezi olembedwa ndi ana a sekondale, anawachulukitsa n'kutumiza m'masukulu kuti aphunzitsi achonge. Anachonga anthu 142, onse aphunzitsi a phunziro lomwelo. Pepala limodzi, wina analipatsa 50, wina 97 pa 100.

Zimene zinandithandiza ine zaka zonse ndinagwira choko ndi izi. Musamamalize pepala lonse la munthu mmodzi kenako n'kutenga lina. Chongani funso loyamba pa mapepala onse, mukatha musakanize mulu, muyambe funso lachiwiri. Mukatero, amene anali pansi safera kutopa kwanu pa mafunso onse. Musanagwire cholembera chofiira, werengani kaye mapepala 15 osalembapo kanthu, mutolepo atatu: labwino kwambiri, lapakatikati ndi lofooka. Atatuwo azikhala pambali. M'mawa muziyamba mwawawerenga, pochokera kopuma muwawerengenso, kuti diso libwerere pa muyezo wake. Dzina muzipinda. Mukangoona dzina la mwana amene amayankha bwino m'kalasi, mtima umayamba kum'werengera zimene sanalembe.

Bambo wa Fizikisi

N'chifukwa chake ine mafunso olemba nkhani ndinawasiya. Ndimapereka osankha yankho pa A, B, C, D ndi owerengetsera. Yankho likakhala 9.8 ndi 9.8 basi, kaya ndachonga m'mawa kaya pakati pa usiku. Achemwali, anthu 184 simungawakwanitse ndi nkhani. Mudzadwala.

Agogo Opuma

Bambo, owerengetserawo musawadalire kwambiri. Starch ndi Elliott omwe aja anabwereza mu 1913 ndi pepala la jometri, poganiza kuti ku masamu ndiye aphunzitsi agwirizana. Kusiyana kunaposa kwa Chingerezi kuja. Wina amapereka malikisi pa njira, wina amangoyang'ana yankho lomaliza, wina amadula chifukwa pepala ndi lafufutefufute.

Mayi wa Unamwino

Bambo wa Fizikisi akunena zoona kuti mafunso osankha sakondera pochonga. Koma sikelo ikhoza kukhala yosanama, inu n'kumayezapo chinthu chimene simunafune kuyeza.

Ndinali ndi mnyamata amene pa pepala sankatsika pa 80. Mukam'funsa kabayidwe ka jakisoni, ankalakatula osadumpha ndi kamodzi komwe. Tsiku loyesa ndi manja tinam'patsa chidole chophunzirira ndi khadi la wodwala. Anasamba m'manja bwinobwino, anakoka mankhwala pa mlingo wake, anachotsa mpweya mu sirinji. Khadi lija sanaliyang'ane. Ife tinali titalembapo dala kuti thupi la wodwalayu limadana ndi mankhwala amenewo. Akanakhala munthu weniweni bwenzi tikunena zina. Mnyamatayo atazindikira, anakhala pansi n'kugwira mutu. Ine ndinadzimva wolakwa kuposa iyeyo, chifukwa zaka ziwiri mapepala athu ankamuuza kuti wakhwima.

Ku maphunziro a zaumoyo zimenezi zinatipweteka kalekale. N'chifukwa chake mu 1975 Ronald Harden ndi anzake ku Dundee anatulutsa mayeso amene timati OSCE. Wophunzira amazungulira malo angapo, paliponse mphindi zowerengeka, ntchito yake ndi woyesa wake. Onse amadutsa malo omwewo, ndipo palibe woyesa mmodzi amene angakweze kapena kugwetsa mwana payekha. Kenako George Miller mu 1990 anasanja masitepe anayi: kudziwa, kudziwa kachitidwe kake, kuonetsa, ndi kuchita pa ntchito penipeni. Pepala limafika pa awiri oyambawo.

Tsono achemwali, musanafike pa kachongedwe, dzifunseni kuti pomaliza kosiyi mukufuna mwanayu azitha kuchita chiyani. John Biggs analemba mu 1996 kuti cholinga cha phunziro, kaphunzitsidwe ndi mayeso ziyenera kuloza kumodzi. Ngati semesita yonse mwakhala mukulembetsa manotsi, pa mayeso n'kudzati "unikani mozama", pamenepo mwam'tchera msampha mwanayo, ngakhale mutachonga mosamala chotani.

Bambo wa Fizikisi

Mayi, za manjazo ndavomera. Ngakhale ine sindingayese kugwiritsa ntchito zida za mu labu ndi A, B, C, D. Koma ndikane maganizo oti mafunso osankha ndi a oloweza okha. Funso loipa ndi loipa, likhale la mtundu wanji. Benjamin Bloom ndi anzake mu 1956 anasiyanitsa kukumbukira, kumvetsa, kugwiritsa ntchito mpaka kuweruza, ndipo funso losankha likhoza kukwera ndithu.

Nali limene ndimalikonda. Mwaponya mwala m'mwamba. Wafika pamene wathera kukwera, waima kamphindi usanayambe kutsika. Kodi pa nthawi imeneyo pali mphamvu iliyonse imene ikugwira ntchito pa mwalawo? Ana ambiri amene amaloweza mafomyula onse amasankha kuti palibe, poti mwala waima. Mayankho olakwikawo sindipeka, ndimawatola m'zimene ana a zaka zam'mbuyo ankalakwitsa. Funso limodzi lotere limandidyera ola lathunthu polikonza, koma limandionetsa pamene maganizo akhota.

Ndipo ndimayesa pafupipafupi, mphindi 10 sabata iliyonse. Pa timayeso 10, ndimawerengera 8 timene mwana wakhoza bwino, kuti amene anadwala kapena kugweredwa zovuta asavutike kudzapempha. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa mu 2006 kuti kudziyesa kumathandiza kusunga zinthu kuposa kuwerenga mobwereza. Patatha sabata, amene anawerenga kamodzi n'kumayesedwa anakumbukira 61 pa 100, amene ankangobwereza kuwerenga anakumbukira 40. Mayeso aang'ono ndi kuphunzitsa komwe.

Wophunzira wa Chaka Chachitatu

Aphunzitsi athu, pepani ndilowerere za akuluakulu. Ine ndi mmodzi wa ochongedwawo.

Chimatiwawa kwambiri si malikisi otsika, koma kusadziwa chifukwa chake. Chaka chatha ndinakhala masabata atatu pa asainimenti ya masamba 12. Inabwera ili ndi 54, m'munsi mwake mawu awiri okha: "Zamani kwambiri." Ndizame pati? Ndinatsegula tsamba ndi tsamba kufuna pamene cholembera chinakhudza, panalibe. Inabweranso titalemba kale mayeso omaliza, ndiye ngakhale ndikanamva tanthauzo lake, ndikanakonza chiyani?

Zikatere timasiya kuphunzira phunzirolo, timayamba kuphunzira mphunzitsi. Timafunsa otitsogolera: awa amafuna masamba ambiri, awa amafuna mawu awo omwe a m'manotsi, awa ukatsutsana nawo wagwa. Amene ali ndi anzawo a m'makalasi apamwamba amadziwa zinsinsizi. Amene ndi woyamba m'banja mwawo kufika ku koleji, wamanyazi, wopanda womulangiza, amazidziwa atalephera kale.

Ntchito ya m'magulu ndiye imatidanitsa. Tinali anthu 6, tinagwira awiri, malikisi tinalandira ofanana. Ukakanena umaoneka wankhanza.

Mphunzitsi Watsopano

Zikomo mchimwene wanga. Mawu oti "zamani kwambiri" inenso ndawalemba pa mapepala ambiri sabata yathayi. Ndiye ndizipereka rubric, pepala losonyeza mfundo zimene ndidzachongere ndi malikisi ake, asanalembe? Anzanga ku dipatimenti akuti imathetsa zonse.

Mayi wa Zinenero

Imathandiza achemwali, koma sithetsa zonse. Ine ndinakonzapo ya mabokosi 25, yofotokoza chilichonse mpaka chiwerengero cha ndime. Nkhani zimene zinabwera zinali ngati njerwa za chikombole chimodzi. Mwana wina amene anali ndi ganizo lakelake, lamoyo, ndinam'patsa malikisi ochepa chifukwa silinkalowa m'bokosi lililonse. Ndinaidula n'kutsala ndi mfundo zinayi.

Vuto lina n'lakuti mawu a mu rubric amamveka kwa ife tokha. Mukalemba kuti "mfundo zomveka, zochirikizidwa ndi umboni wokwanira", mwana aliyense amakhulupirira kuti zake ndi zotero. Royce Sadler ananena mu 1989 kuti wophunzira amafunika zinthu zitatu kuti apite patsogolo: adziwe mmene ntchito yabwino imaonekera, athe kuyerekeza yake ndi imeneyo, ndiponso adziwe chochita kuti afikepo. Choyambacho sichilowa ndi mawu okha, mpaka aone ndi maso.

Ndiye chimene ndimachita ndi ichi. Kutatsala masabata awiri kuti apereke ntchito, ndimabweretsa mayankho atatu a zaka zam'mbuyo, eni ake atavomera, mayina nditachotsa. Ana amachonga awiriawiri ndi rubric ija. Kenako ndimafunsa kuti amene apatsa pepala loyamba malikisi apamwamba aimike manja. M'kalasi mumabuka phokoso. Nthawi zambiri amakopeka ndi pepala lalitali la mawu akuluakulu, mpaka wina kumbuyo anene kuti, "Koma funso lija sanaliyankhe." Akafika pamenepo okha, ine ndimangokhala chete. Zimatenga mphindi 40, ndipo madandaulo a malikisi anachepa kwambiri chiyambireni zimenezi.

Agogo Opuma

Ndionjezepo pa za ndemanga. Ruth Butler mu 1988 anagawa ana: ena analandira malikisi okha, ena ndemanga zokha, ena zonse ziwiri. Amene anapita patsogolo ndi a ndemanga zokha. A zonse ziwiri sanasiyane ndi a malikisi okha, chifukwa diso likaona nambala, limasuzumira ya mnzake, pepala n'kulowa m'chikwama. Ine m'zaka zanga zomaliza ndinkabweza ndemanga kaye, malikisi pakatha masiku atatu.

Mayi wa Zinenero

Agogo, amenewo anali ana a pulayimale ku Israel, tisawasenzetse katundu yense wa ku koleji. Komabe zimene ndimaona zikugwirizana nazo. Ndipo ndemanga nazo si zonse zomanga. Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi mu 1996 anasonkhanitsa kafukufuku wambiri, napeza kuti nthawi zoposa imodzi mwa zitatu ndemanga zinabweza anthu m'mbuyo, makamaka zikamanena za munthuyo m'malo mwa ntchito yake. "Ndinu waulesi" ndi "ndime yachitatu ilibe chitsanzo" ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali.

Bambo wa Malamulo

Zonsezi n'zabwino, koma mukulambalala nkhani yaikulu. Chitulukireni ChatGPT, pulogalamu imene imalemba nkhani yokha ukaipempha, mu November 2022, asainimenti yolembera kunyumba sindikuikhulupiriranso. Mwezi wathawu ndinalandira nkhani yosalala bwino, yotchula milandu itatu imene sinaweruzidwepo kulikonse. Ine ndikuti tibwerere ku mayeso a m'holo, maola atatu, foni kunja, ndipo malikisi ambiri achokere kumeneko. Kumeneko ndiye ndimadziwa kuti wolemba ndi mwini dzina. Kulola wobera apose wolimbikira, chimenecho n'chilungamo?

Mayi wa Unamwino

Si chilungamo Bambo, ndipo mayeso a m'holo ali ndi malo ake. Koma kumanga semesita yonse pa maola atatu a tsiku limodzi kulinso ndi amene kumawapweteka: wodwala tsikulo, wolemba pang'onopang'ono, wosaona bwino amene sanapatsidwe zilembo zikuluzikulu kapena nthawi yoonjezera. Kupatsa onse zofanana sikuti nthawi zonse mwawayeza mofanana. Ndiponso loya ku ntchito salemba za mlandu m'maola atatu mabuku atatseka.

Wophunzira wa Chaka Chachitatu

Mnzanga wina anaimbidwa mlandu wobera chifukwa pulogalamu ya pa kompyuta inati nkhani yake yalembedwa ndi makina. Ine ndinamuona akuilemba pamanja mu laibulale. Chinam'pulumutsa n'chakuti anasunga mapepala ake oyamba ofufutafufuta. Kwa masabata awiri sankadya n'komwe bwino.

Bambo wa Fizikisi

Mapulogalamu ogwira oberawo asakhale umboni pawokha. A OpenAI, eni ake a ChatGPT, anachotsa yawo mu July 2023 chifukwa inkalakwitsa kwambiri. Chaka chomwecho ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anayesa mapulogalamu 7 ndi nkhani zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo zoposa theka zinanamiziridwa kuti ndi za makina. Amene amalemba Chingerezi chosavuta, chosamala, ndiye amagwidwa wosalakwa.

Za magulu zimene wadandaula mnyamatayu, yesani mayeso a magawo awiri. Aliyense alembe payekha n'kupereka, kenako akhale anayianayi ayankhenso mafunso omwewo pamodzi. Ine ndimawerengera 85 za payekha, 15 za pagulu. Wobisala kumbuyo kwa anzake alibe pobisala, ndipo amatuluka m'chipindamo atadziwa kale pamene analakwitsa.

Mayi wa Unamwino

Bambo wa Malamulo, mwana wa milandu yopekayo mukanamuitana mphindi zisanu n'kumufunsa kuti, "Mlandu wachiwiriwu mwaupeza kuti, ndipo ukugwirizana bwanji ndi mfundo yanu?" Amene walemba yekha amayankha ngakhale akunjenjemera.

Mphunzitsi Watsopano

Mayi, mphindi zisanu kwa anthu 184 ndi mphindi 920, maola oposa 15, osawerengera kulowa ndi kutuluka. Ndili ndi makosi ena awiri.

Bambo wa Malamulo

Pamenepo ndiye pagona nkhani, achemwali. Njira zabwino zimafuna nthawi, ndipo nthawi yake satipatsa. Komabe ganizo la Mayiwa ndalitola. Sindingaitane onse, koma ndikhoza kulengeza poyambirira kuti pa asainimenti iliyonse ndidzaitana anthu 20 osankhidwa mwa maere, osati amene ndikuwakayikira okha, kuti woitanidwa asaoneke ngati wakuba. Ndiyesa semesita ikubwerayi. Za m'holo sindinasinthe maganizo, theka la malikisi lizichokerabe kumeneko.

Mphunzitsi Watsopano

Akuluakulu, ndabweranso patatha sabata. Ndinapempha ophunzira 30 andibwereke mapepala awo, osankhidwa mwa maere. Ndinamata malikisi ndi mayina. Ine ndi mnzanga wa mu dipatimenti tinakhala pansi n'kulemba mfundo zinayi zimene funsolo limafuna, tinagwirizana pa mapepala atatu oyezera monga ananenera Agogo, kenako iye anachonga payekha. Pa mapepala 22 tinasiyana ndi malikisi amodzi kapena osasiyana n'komwe. Pa 8 tinasiyana ndi atatu kapena kuposa, ndipo 6 mwa amenewa anali a tsiku lomaliza lija, onse ndinawamana.

Ndinakawafotokozera akulu a dipatimenti, ndipo andilola kuchonganso funsolo kwa onse. Lachiwiri ndinaima kutsogolo kwa kalasi n'kuwauza mmene zinakhalira. Miyendo inkanjenjemera. Munali zii, kenako mnyamata wina anafunsa ngati angaone mfundo zinayi zija. Ndinazilemba pa bolodi, ndipo tinatha theka la ola tikukambirana chifukwa chake yachitatu ili ndi malikisi ambiri kuposa zinazo.

Chatsala n'chimodzi. Awiri mwa 8 aja ndinawapatsa ochuluka kuposa oyenera. Ndiwatsitse?

Bambo wa Malamulo

Onani kaye zimene malamulo a koleji yanu amanena pa kuchonganso, chifukwa malo ena amati malikisi atsopano ndi amene amagwira, kaya akwera kaya atsika. Ngati akusiyirani ufulu, musawatsitse. Anawo sanapemphe kuchonganso, ndipo cholakwa sichinali chawo.

Agogo Opuma

Ndikugwirizana nazo. Koma aitaneni awiriwo, muwaonetse pamene yankho lawo linaperewera. Mukangowasiya ndi nambala yokomayo, adzalowa nayo m'mayeso omaliza akuyesa kuti ali bwino, ngati mnyamata wa jakisoni uja.

Mphunzitsi Watsopano

Ndaona, malamulo athu akundilola kuwasiyira. Ndawaitana Lachisanu m'mawa. Kuchonganso ndayambira pansi pa mulu, mapepala 30 patsiku osapitirira, ndipo ndili pa la 61. Mayi wa Zinenero, pa mayankho atatu oonetsa m'kalasi aja, lofookalo mumasankha lofooka kwenikweni kapena longoperewera pang'ono? Ndikufuna ndiyese sabata ya mawa asanayambe asainimenti yachiwiri.